Chithunzi cha Ubatizo wa Madamu

Al Warqa, Dubai
3 Malichi 2024

Okondedwa achemwali a Edinah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Kasinjeko. Ine kuno ndili bwino, kupatula zidendene zomwe zang'ambika ndi matailosi a nyumba ino. Mwana wanga Chiso ali bwanji? Mumuuze kuti ndamva zoti masamu akumuvuta, ndipo asandinamize kuti vuto ndi aphunzitsi. Ndalemba papepala n'kujambula ndi foni monga mumafunira, popeza mumati mawu a pa foni amauluka koma kalata mumaiwerenga kawiri.

Khalani pansi kaye. Mukuwakumbukira Bwana Shen, Mtchaina amene ankayang'anira msewu wathu uja, yemwe ndinkamuchapira ku kampu asananditengere kuno kudzalera mwana wake Yaya? Akazi awo, Madamu Fan, ayamba kupemphera. Kupemphera kwenikweni, kwa Yesu.

Mwezi wathawu ndinkasita zovala ndikung'ung'udza nyimbo ya m'buku ija mumakonda kuyambitsa pa maliro. Nditacheuka ndinaona Madamu aima pakhomo, akuitsatira m'chinenero chawo. Ndinatsala pang'ono kuwotcha malaya a Bwana. Chingerezi chawo ndi changa zikakumana zimangopunthwitsana, ndiye anatenga foni yawo yomasulira ija n'kundiuza kuti agogo awo ankaiimba nyimboyo chapansipansi, mawindo atatseka. Akuti kwawoko zaka zimenezi anthu ambiri atembenukira kwa Mulungu, ena m'matchalitchi, ena m'nyumba za anzawo, ena abwerera ku akachisi a makolo awo kukafukiza lubani, ngakhale achinyamata a madigiri. Ndinafunsa kuti chachitika n'chiyani. Anati anthu apeza ndalama, amanga nyumba zosanja, koma mtima sukukhazikika.

Tsopano Loweruka lililonse masana kumabwera anzawo ogulitsa ku msika waukulu wa Matchaina uli pafupi ndi kuno. Amavula nsapato pakhomo, n'kutseka makatani onse. Ine ntchito yanga ndi kufulula tiyi ndi kusanja nsapatozo. Poyamba zinali za anthu asanu ndi mmodzi, dzulo ndawerenga makumi awiri ndi atatu. Wolalikira ndi bambo wina wogulitsa mababu, wamfupi, wa mawu ochepa. Sakuwa ngati alaliki athu, koma azimayi amalira ndithu.

Bwana salowa nawo. Nsapato yoyamba ikangofika, amatenga galimoto n'kupita kokaichapitsa, ngakhale ili yoyera kale, ndipo amabwera pakhomo patayera. Koma sanaletsepo.

Ndilembereni za kumunda. Mvula yakugwerani bwanji?

Ndine mng'ono wanu,
Selinah

Kasinje, Ntcheu
11 Malichi 2024

Selinah mng'ono wanga,

Tonse tili bwino. Chiso akuti masamuwo uwayese wekha uone. Chimanga chapsa ndi dzuwa m'munda wakumtunda, koma kudimba tikolola ndithu.

Iwe mwana iwe! Kalata yako ndaiwerenga katatu, kachitatuko nditaimirira. Iwe amene unkagona m'tchalitchi mpaka kugwa pa benchi, lero wasanduka mmishonale wa Matchaina? Usakane. Nyimboyo anaimva pakamwa pa yani? Ndine mlembi wa amayi a Mvano zaka zisanu ndi zinayi, ndayenda midzi yonse ya m'dera lino mpaka nsapato kutha, sindinatembenuzepo ngakhale Mtchaina mmodzi. Iwe ndi chitsulo chositira m'manja wadzaza nyumba.

Koma zotseka makatanizo ndazimvetsa. Muli m'dziko la Aluya, eni ake ndi Asilamu, ndiye muzichenjera ndithu asakugwireni. Ine ndikupemphererani.

Kuno kampu ya msewu ija ikadalipo, akumanga mlatho wa pa mtsinje paja. Wamkulu wawo tsopano ndi mnzawo uja wa Bwana wako, yemwe timamutcha Chipewa, amene savula chipewa ngakhale pakudya. Munthu wabwino ndithu. Anatithirira dothi pabwalo la tchalitchi osatilipiritsa. Koma Lamulungu amagwira ntchito ngati Lolemba, ndipo zimandipweteka mtima ndikamaona munthu waulemu chonchi akupita kumoto ndi chipewa chake.

Ukapeza nsalu yoyera yolimba unditumizire, bulauzi yanga ya Mvano yasanduka yachikasu. Ndipo Bwana wakoyo usamusiye azingochapitsa galimoto. Mwamuna amakokedwa pang'onopang'ono, funsa alamu ako.

Ndine mkulu wako,
Edinah

Al Warqa
1 Epulo 2024

Achemwali,

Moni wa Pasaka kwa nonse. Nsalu ndagula ku Deira, ibwera ndi Prisca wa geni uja akamabwerera ndi katundu wake.

Dzulo Madamu abatizidwa. Anabatizidwa anthu khumi ndi mmodzi, kuseri kwa nyumba ino, m'bafa lapulasitiki lalikulu lija Yaya amasewereramo. Ndinalipopa ndekha, ndinalidzaza ndi paipi, n'kuthiramo maketulo asanu ndi awiri a madzi otentha chifukwa panali mayi wina wachikulire wodwala chifuwa. Iwo sawaza madzi pamutu ngati ife, amamiza munthu yense. Bafalo lili ndi zithunzi za abakha m'mbali, koma palibe anaseka. Yaya yekha ndi amene analira kuti anthu akuluakulu amulanda bafa lake.

Chimene chinandigwetsa misozi ndi ichi: Bwana sanapite kokachapitsa galimoto. Anaima patali, pafupi ndi mpanda, manja m'thumba. Madamu atavuuka m'madzi tsitsi lili m'maso, aliyense anangoima, palibe anakumbukira thaulo. Bwana anayenda, anatenga thaulo pa chingwe, n'kuwafunditsa akazi awo. Ine ndinali pakhomo la khitchini, foni m'manja, ndipo ndinajambula pomwepo.

Ndakutumizirani chithunzicho kuti musangalale nane, chifukwa kuno ndilibe wanga woti ndimuonetse. Koma chonde, ndi chinsinsi. Musachiike pa Facebook, musachitumize ku gulu la mpingo, musachionetse anthu akunja. Wolalikira uja anati zimenezi zithere mkati mwa mpanda.

Umishonale mukunenawo ndaukana. Anthuwa anabwera nacho chikhulupiriro kuchokera kwawo, ine ndimangowiritsa madzi.

Selinah

Al Warqa
21 Epulo 2024

Achemwali a Edinah,

Mwangoti zii bwanji? Masabata atatu opanda yankho, ndipo foni yanu ikuonetsa kuti uthenga sukufika. Kodi kuli bwino? Chiso ali bwino? Mwina mwamva za chimvula chinagwa kuno Lachiwiri lapitali. Ife tili moyo. Misewu inasanduka mitsinje, magalimoto kumira, ndipo madzi analowa m'nyumba mpaka mu akakolo.

Masiku awiri Madamu ndi ine tinakhalira kukolopa, ndipo kukolopako n'kumene kunawamasula pakamwa. Ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani amatseka makatani, popeza kuno matchalitchi alipo, ine ndemwe ndimapita ku Jebel Ali Lamulungu, ndipo Aluya satifunsa kanthu. Anandiyang'ana ngati mwana. Anati, "Aluya ayi. Athu."

Ndikufuna mumvetse bwino zimene anandiuza, chifukwa nanenso ndinkaganiza ngati inu. Kampani ya Bwana ndi ya boma la kwawo, ndipo Bwana ndi membala wa chipani cholamula. Membala wa chipanicho saloledwa kukhala ndi chipembedzo. Pa kampani pali mkulu wa chipani amene ntchito yake ndi kuyang'ana zimenezi. Akangomva kuti m'nyumba ya Shen mumasonkhana mpingo, udindo wa Bwana watha, ndipo awabweza kwawo. Madamu akuti opemphera akamachuluka kwawoko, aboma nawonso akuchulutsa maso. M'tauni yawo anagwetsa mitanda pamadenga a matchalitchi, anaika makamera pakhomo, ndipo ana saloledwa kulowa. Mchimwene wawo ndi mphunzitsi, anasainitsidwa pepala loti sadzapondako. N'chifukwa chake iwo adikira mpaka kufika m'dziko la eni kuti abatizidwe.

Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti anandiona ndikujambula tsiku lija, ndipo anapempha kuti ndifufute. Ndinafufuta iwo akuona. Anafunsa kuti, "Khalas? Zatha? Palibenso?" Ndinati palibenso. Achemwali, ndinanama. Ndinachita mantha kunena kuti ndinakutumizirani.

Ndiye mukangoona kalatayi, fufutani chithunzicho. Ngati Bwana abwezedwa, banja ili lasokonezeka, ndipo inenso ntchito yanga yathera pomwepo, popeza viza yanga ili m'dzina lawo. Koma sindikuda nkhawa kwenikweni, ndikudziwa kuti chili kwa inu nokha.

Selinah

Kasinje
25 Epulo 2024

Selinah,

Usakwiye ndi kukhala chete kwanga. Foni inagwera m'ndowa ndikuchapa, ndipo yakhala kwa wokonza ku boma masabata onsewa. Mwamwayi ndinali nditapita nayo kale ku situdiyo, anandisindikizira chithunzi chija papepala lonyezimira. Chimakhala m'Baibulo langa. Tsiku limene ndinachiona ndinavina ndekha pabwalo mpaka nkhuku kuthawa.

Mawu ako ndinawasunga. Pa Facebook sindinaike, ku gulu la mpingo sindinatumize. Ngakhale Amwenye ndi Asilamu a m'masitolo a pa boma sanachione, ndinauza mnyamata wa situdiyo kuti atembenuze kompyuta. Palibe Mluya amene adzamve za ubatizowo kuchokera kwa ine.

Koma imva zimene Mulungu wachita. Lachinayi lapitalo titatuluka ku Mvano, ndinatenga amayi anayi, tonse mu yunifolomu, n'kupita ku kampu. Tinatenga nkhuku ndi nthochi zothokozera dothi lija. Chipewa anatilandira bwino, anatipatsa mipando ndi tiyi wawo wopanda shuga uja, ndipo Kizito womasulira wawo anatithandiza. Titaimba nyimbo ziwiri ndinatsegula Baibulo, ndinatulutsa chithunzi n'kumuuza kuti, "Bambo, onani. Awa si azungu, si Amalawi. Awa ndi abale anu enieni, uyu ndi bwana wanu wakale. Ngati nyumba ya Shen yalandira Yesu, inu mukudikira chiyani?"

Selinah, munthuyo anavula chipewa! Kwa nthawi yoyamba ndinaona dazi lake. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kufunsa kawiri ngati ndi Shen weniweni. Kenako anatulutsa foni yake n'kuchijambula, ndipo anaitana anzake awiri kuti adzaone. Analankhulana kwambiri m'chinenero chawo. Ine ndinadziwa kuti Mzimu wayamba ntchito. Usadandaule za chinsinsi, amenewa si anthu akunja, ndi a mtundu umodzi, a kampani imodzi. Nkhani yabwino ya m'banja siibisidwa kwa abale.

Uwauze Madamu ako kuti umboni wawo wafika mpaka ku Kasinje. Asangalala.

Foni yafika lero, ndipo ndaona kuti pali kalata yako ina. Zilembo zako zachepa, magalasi anga ndawaiwala kutchalitchi, ndiye Chiso andiwerengera mawa akaweruka.

Edinah

Al Warqa
28 Epulo 2024

Achemwali,

Mwachita chiyani?

Ndawerenga kalata yanu ndili m'basi yochokera kutchalitchi, ndipo mayi wina wa ku Chipata amene ndinakhala naye anandigwira poganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro. Pofika pano Chiso wakuwerengerani ina ija, ndiye mwadziwa. Sindikukalipirani, mphamvu yake ndilibe. Wolakwa woyamba ndine, amene ndinajambula zosandituma n'kulemba mawu osakwanira.

Chonde, mawa m'mawa pitani ku kampu nokha, opanda yunifolomu, opanda nyimbo. Mumupemphe bamboyo afufute. Ngati kugwada kuthandiza, gwadani. Mumuuze kuti Bwana sanabatizidwe, anangopereka thaulo.

Kuno sakudziwa kanthu. Dzulo nsapato zinali za anthu makumi atatu. Ndinazisanja ndikulephera kuyang'ana munthu kumaso.

Selinah

Kasinje
6 Meyi 2024

Selinah mng'ono wanga,

Chiso atafika pa mawu aja akuti "Aluya ayi, athu," ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza. Ndinakhala pansi pa dothi.

Ndinapita ku kampu monga unanenera. Kawiri anandibweza pageti kuti wamkulu ali ku mlatho. Kachitatu ndinakhala pamwala mpaka Kizito anandimvera chisoni n'kundilowetsa. Ndinagwada ndithu, maondo onsewa. Chipewa anandidzutsa mwaulemu, anatsegula foni, anafufuta ine ndikuona. Koma nkhope yake sinali ya munthu amene wathetsa nkhani.

Kizito anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundiuza zoona. Akuti Chipewa analibe cholinga choipa, Shen ndi munthu amene anamuphunzitsa ntchito. Koma mmodzi wa awiri anawaitana aja ndi wa chipani pa kampu pano. Akuti poti uyo anali ataona kale, Chipewa akanakhala chete akanaoneka ngati akubisa, ndipo mlandu ukanagwera iye. Ndiye anachitumiza yekha kwa akuluakulu awo tsiku lomwelo, ife tisanafike n'komwe kunyumba ndi nyimbo zathu. Akuti kuvula chipewa kuja sikunali kwa Mzimu, thukuta linamutuluka.

Ndinafunsa Kizito kuti bwanji sanandiletse. Anati, "Mayi, inu mukayamba kulankhula alipo amene amakuletsani?"

Sindikudya bwino. Alamu ako akuti ndikulembere kuti mwina sizifika patali, Dubai ndi kutali. Ine sindikukhulupirira. Ndiuze chilichonse chimene chichitike, usandibisire poopa kundipweteka.

Edinah

Al Warqa
26 Meyi 2024

Achemwali a Edinah,

Ndikhulupirira mwayamba kudya. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimafuna ndikuuzeni zinthu zitatha, osati zidutswa.

Zinafika. Sabata yachiwiri ya mwezi uno Bwana anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa chipani, ndipo anakhalako tsiku lonse. Anabwera tayi ili m'thumba. Anawafunsa ngati amakhulupirira, iwo anati ayi. Anawafunsa chimene ankachita ndi thaulo, iwo anati mkazi wawo ananyowa. Anawalembetsa kalata yodzitsutsa ya masamba anayi, ndipo anawauza kuti kumapeto kwa Juni abwerere kwawo, akakhale pa desiki yaing'ono ku likulu. Ntchito sanawachotse, koma zaka makumi awiri zokwera makwerero zathera pamenepo. Mapemphero a Loweruka anaima tsiku lomwelo.

Chithunzicho Bwana sanawaonetse, anangowafotokozera. Ndiye a mpingo anayamba kufunsana kuti wawapereka ndani. Anthu amene ankagawana tiyi anasiya kuyankhana mafoni. Mapeto ake onse analoza mtsikana wina wogulitsa zikwama, wobatizidwa tsiku lomwe lija, chifukwa chibwenzi chake chimagwira ntchito ku kampani ya Bwana. Anamuchotsa pa gulu lawo la pa foni, ndipo ku msika anasiya kumupatsa moni. Mtsikanayo anabwera kuno kudzalira pageti, Madamu sanamutsegulire. Ine ndinali pawindo ndi Yaya kumsana, ndikuona zonse.

Ndikanatha kukhala chete mpaka ndege yawo itanyamuka, palibe akanandiganizira. Ndinayesa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinawapeza Madamu kukhitchini akukulunga timabanzi tawo ta nyama tija. Ndinatenga foni yawo yomasulira n'kunena zonse, za kujambula, za bodza langa, za inu, za nkhuku ndi nthochi. Foniyo inkalankhula ndi mawu ake osalala aja ngati ikuwerenga nyengo. Iwo sanasiye kukulunga. Atamaliza thireyi yonse anasamba m'manja, n'kukwera kuchipinda.

Masiku awiri sanandilankhule. Ntchito ankandilozera ndi chala. Tsiku lachitatu m'mawa anavala, anapita ku msika, anakaima pa sitolo ya mtsikana uja n'kuwerama pamaso pake anthu onse akuona. Atabwera anandiitana pakhonde. Ndinkayembekezera kuti andiuza ndilongedze.

Anandifunsa kuti, "Mkulu wako ataona chithunzicho anatani?"

Ndinati munavina mpaka nkhuku kuthawa.

Anandifunsanso ngati ndikunena zoona, kuti munthu amene sanawaonepo anavinira ubatizo wawo. Ndinati inde. Kenako anati, "Mayi anga ondibereka sakudziwa. Kwathu palibe amene adzavine." Analira pang'ono, nanenso ndinalira. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinapemphe kuti anene.

Bwana sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zikundiwawa kwambiri. Anandisainira mapepala ondimasula kuti ndipeze nyumba ina, anandilembera kalata yabwino. Nditayamba kupepesa anakweza dzanja n'kunena m'Chichewa chawo cha ku kampu chija, "Thaulo ndinagwira ine. Basi."

Pali banja lina la Amwenye ku Discovery Gardens likufuna wolera ana, ndikaonana nalo Loweruka. Inshallah, monga amanenera kuno. Yaya sanauzidwe kuti ine sindipita nawo. Akulongedza zidole zake m'chikwama changa.

Madamu andituma mawu kwa inu. Akuti kumene akupitako sadziwa ngati adzapeze anzawo opemphera nawo, ndipo mwana sangamutengere kutchalitchi. Akuti popeza kwanuko mumapemphera zitseko zili pululu, muziwapempherera mokweza mmene mungathere. Koma dzina lawo, ndi la amuna awo, musadzalitchulenso pamaso pa munthu.

Ndine mng'ono wanu,
Selinah

Kasinje
13 Juni 2024

Selinah,

Tili bwino. Nsalu inafika ndi Prisca, zikomo, koma sindinaisoketse. Za banja la Amwenyelo undiuze. Zikakanika bwera, pakhomo pano ndi pako, ndipo palibe amene adzakufunse kuti wabwera ndi chiyani. Chiso ndamuuza ndekha kuti ngati mayi ake ataya ntchito, wawatayitsa ndine.

Chithunzi chija ndinachiwotcha. Ndinachiyang'ana kaye nthawi yaitali, abakha aja ndi thaulo lija, kenako ndinachiika pa makala.

Lero kunali msonkhano waukulu wa Mvano, mipingo isanu ndi umodzi pamodzi, tchalitchi chodzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Mphekesera inali itayenda kale kuti a ku Kasinje ali ndi umboni wa Matchaina. Amayi busa anandiitana kutsogolo, anandipatsa maikolofoni, azimayi n'kuyamba kululutira ndisanatsegule pakamwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikulota tsiku ngati limeneli.

Ndinati umboni ndilibe. Ndinati pali mayi wina kutali, Mkhristu mnzathu, amene ndamugwetsera nyumba ndi pakamwa pangapa, ndipo wapempha kuti timupempherere mokweza. Nthungululu zinazima. Amayi busa anati, "Dzina lake ndani, kuti tilitchule pamaso pa Ambuye?"

Iwe ukundidziwa, Selinah. Dzinalo linafika pa lilime penipeni. Ndinayang'ana amayi anayi amene ndinapita nawo ku kampu, onse anali ataweramitsa mitu, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Amayi busa anafunsanso kachiwiri.

Ndinati, "Mulungu akulidziwa." Ndinabweza maikolofoni, ndipo tinagwada, azimayi mazana atatu. Uwauze Madamu ako kuti tinakuwa mpaka ana a sukulu anabwera kudzasuzumira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anamva dzina lawo.

Ndine mkulu wako,
Edinah